Pepala Lomwe Ndinasungira a Makwinja

Anthu amati kuchoka pa Mzimba Boma kukafika ku Luwawa ndi pafupi. Amenewo sanayendepo atanyamula mpukutu. Ine ndinanyamuka ndili mtsikana wa zaka 18, ndinakafika ndili ndi imvi ziwiri, ndipo wotsutsa abwere adzaziwerenge yekha.

Koma ndiyambe ndi mzungu, chifukwa mlandu wonsewu ndi wake.

Tili Fomu 2, kusukulu kwathu ku Luwawa kunabwera katoni ya mabuku akale ochokera kunja. Ambiri anali a kasamalidwe ka nkhosa m'mayiko achisanu. Koma limodzi linali lonenepa, lopanda chikuto, ndipo chiswe chinali chitadya ndi dzina la wolemba lomwe. Chomwe chinatsala kutsogolo ndi chithunzi cha mzungu wa chipewa, ndevu mpaka pachifuwa, ataima pageti la kachisi. Tinangomutcha a Ndevu.

A Makwinja, aphunzitsi athu a mbiri yakale ochokera ku Dedza, analikonda bukulo ngati mwana wawo wachisamba. Lachisanu lililonse masana amatiwerengera pang'ono. A Ndevu anakwera sitima ya pamadzi kalekale, agogo a agogo anga asanayambe kukwawa, kupita ku Japani kukaphunzitsa zina zake zosakhudzana ndi kujambula. Atafika kumeneko anaona zithunzi zakale za anthu a kumeneko, mutu n'kuzungulira. Nthawi imeneyo azungu anzawo ambiri ankaona ngati zojambula za ku China ndi ku Japani n'zongokongoletsera makapu a tiyi. A Ndevu anati ayi. Anayamba kuyenda kachisi ndi kachisi limodzi ndi anzawo a komweko, kulemba m'kope chithunzi chilichonse: anajambula ndani, liti, anaphunzira kwa ndani. Pena ankadikira pageti masiku angapo kuti ansembe awatsegulire bokosi limodzi lokha. Ine pofotokozera anzanga ndinkati zaka zisanu ndi ziwiri. A Makwinja ankangonditchula dzina n'kunena kuti, "Tiyamike, masiku."

Zomwe zinandigwira ine mtima ndi mipukutu. Ndi chithunzi chachitali ngati msewu, chokulungidwa pa kamtengo, ndipo sachipachika pakhoma. Umachiika patsogolo pako, dzanja lamanzere likufunyulula, lamanja likukulunga, n'kumaona kagawo kotambalala ngati mapewa ako basi. Ndiye umakhala ngati uli paulendo. Kumapeto amasiya pepala loyera, pomwe munthu wodziwa zinthu akaona chithunzicho amalembapo mawu ake n'kudinda chidindo chofiira.

Ndinati, "Aphunzitsi, zimenezi ine ndikhoza kujambula ndi dzanja limodzi."

Iwo anati, "Ukajambule ndi awiri onse. Ukamaliza undisiyire pepala lomaliza, ndidzalembapo."

Anafika posema chidindo chawo kuchokera ku patapata yakutha, n'kuchisunga m'thumba la jekete. Ine zaka ziwiri zinatha ndisanajambule ngakhale nyerere.

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinabwerera ku Boma, komwe amayi anga amagwira ntchito ya unamwino, poti kwathu kwenikweni ndi ku Dowa. Kudikira zotsatira kumapengetsa munthu. Ndinatsitsa kalendala ya chaka chatha, n'kulumikiza mapepala onse khumi ndi awiri ndi phala la chinangwa, kuseri kwake kukhale kojambulako. Inki ndinapanga ndi mwaye wa nkhuni za paini, chifukwa bukulo limati ndi mmene ankapangira. Burashi ndinapanga ndi ubweya wa mbuzi ya aneba, yomwe mpaka lero ikandiona imatembenuka. Ndinajambula msewu wonse, kuyambira pa depoti ya Boma kuseri kwa Januwale mpaka pageti la sukulu yathu kuseri kwa Novembala. Disembala ndinamusiya woyera. Disembala anali wa a Makwinja.

Ndiye Lachisanu lina mnzanga ananditumizira uthenga: a Makwinja apuma pantchito, lole ya katundu wawo inyamuka mawa 3 koloko masana, wa ku Dedza, osabweranso.

Loweruka 7 koloko m'mawa ndinali kale pa depoti, mpukutu nditaukulunga pa mtengo wa mopu, n'kuuveka chitenje ndi majumbo atatu. Minibasi ya ku Jenda inali itatsala anthu awiri kuti idzaze. Ndinakwera, inatsala anthu awiri. Anakwera amayi ena onenepa bwino, inatsalabe anthu awiri. Kenako anyamata anayi omwe anakhala kumbuyo anatsika n'kupita kukakhala m'minibasi ina, ndipo ndinazindikira kuti amenewo ntchito yawo ndi kuoneka ngati ali paulendo.

Kondakitala anali mnyamata wa jekete yachikopa yosupuka, amamutcha Boyd. Anandiyang'ana m'manja.

"Sisi, mkekawo tiike pansi pa mpando."

"Si mkeka."

"Chabwino, paipiyo."

Pansi pa mpando panali thumba la kachewere ndi chigubu cha dizilo chomwe chimalira misozi. Ndinaukumbatira mpukutu wanga ngati khanda.

Amayi onenepa aja anali a NyaJere, ankapita ku msonkhano wa amayi a mvano, yunifolomu yawo yoyera ataipinda bwino m'jumbo pamwendo. Tinadikira mpaka 9 koloko. Ndinadzitonthoza kuti a Ndevu ankadikira pageti masiku, ine ndingalephere maola awiri? Koma a Ndevu sanakhale pafupi ndi a NyaJere.

"Mwana wane, n'chiyani chimene wakakamira chomene?"

Apa ndiye pomwe pakamwa panga panandipereka. Ndikanati ndi mapepala a sukulu, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ayi. Ndinavula majumbo, ndinayala chitenje pamiyendo yathu, ndinati, "Amama, chimene muone pano, m'Malawi muno simunachionepo. Ku Japani mafumu amasala kudya masiku atatu asanaone zotere."

Ndinayamba kufunyulula pang'onopang'ono. Januwale, depoti. A NyaJere anakuwa: "Awa ndi amayi a mandasi aja! Taonani chidebe chawo!" Mitu inabwera kuchokera mbali zonse. Febuluwale, minibasi ikutuluka m'tauni, utsi wakuda kumbuyo. Boyd analowetsa mutu pawindo.

"Imeneyo si yathu. Yathu sifuka choncho."

Minibasi yonse inaseka mpaka dalaivala anadzuka.

Tinayenda miyezi yonse mpaka Novembala, kenako Disembala woyera uja.

"Apa inki inatha?" anafunsa a NyaJere.

"Ayi amama. Mwambo wake ndi wakuti munthu akaona mpukutu amalemba mawu kumapetoku. Akapanda kulemba, ku Japani amamuseka mpaka kumanda."

Ndinaiwala kunena kuti munthu wake ndi wodziwa zinthu, ndipo kuti munthuyo ndi a Makwinja. Ndisanatseke pakamwa, a NyaJere anali atatulutsa cholembera m'bulauzi.

"Mbwenu ine asandiseke."

Mungawakanize bwanji mayi wa mvano? Analemba madalitso m'Chitumbuka kuti "Chiuta wakutumbike", zilembo zake zoti munthu awerenge ali pa Chikangawa. Boyd analanda cholemberacho n'kulemba dzina lake, nambala yake ya foni, ndi mawu akuti sanakwatire. Ndinakulunga msangamsanga. Disembala anali atatsala theka ndi pang'ono.

Tinanyamuka cha m'ma 10. Tinayenda mamita mwina makumi awiri n'kuima kuthira mafuta. Tinayendanso pang'ono n'kuima kudikira bambo wina yemwe ankabwera akutafuna chimanga, osathamanga n'komwe, ngati minibasi ndi ya malume ake. Ndalama ya ulendo Boyd anaitchula mwaulemu ngati akupepesa maliro, ndipo ya kachewere inali yofanana ndi yanga.

Tisanalowe mu M1 tinapeza apolisi pamsewu. Mmodzi, bambo wamtali wolankhula Chichewa cha ku Lilongwe, anasuzumira mkati n'kuloza ine.

"Mwanyamula chiyani, achemwali?"

Ndikanayankha ndekha zikanatha bwino. Koma minibasi yonse inayankha pamodzi: "Za ku Japani!"

Ndinatsika. Bwanawo anagwira nsonga ya Januwale n'kuuza mnzawo kuti agwire mtengo wa mopu azibwerera m'mbuyo, autambasule wonse pamsewu ngati akuyeza munda. Mtima wanga unatuluka, unakafika ku Jenda, unabwerera.

"Bwana, ndapota, saona choncho! Ung'ambika!"

"Nanga amaona bwanji?"

Tinauika pa boneti ya galimoto yawo. Ndinawagwiritsa dzanja ili apa, ili apo. Poyamba ankafulumira ngati akufufuza chamba pakati pa Malichi ndi Epulo, koma atafika pa Meyi anachepetsa liwiro. Pamenepo ndinajambulapo migolo iwiri, mtengo wopingasa, ndi wapolisi atakhala pamthunzi akudya nzimbe.

"Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi wa ku Japani, bwana."

Anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. Ndimati ndapulumuka, koma a NyaJere anatulutsa mutu pawindo: "Bwana, mukamaliza mulembe kumapeto! Ndi mwambo!" Bwanawo analemba kuti "Zaonedwa, zilibe vuto", kenako anasaina. Siginecha imeneyo inayambira kumadzulo kwa Disembala, inakwera phiri, inazungulira kawiri, inatsika ndi mchira wautali ngati wa ng'ombe.

Titalowa mu M1 dalaivala anakumbukira kuti ndi dalaivala. Mitengo inkadutsa ngati yaba. Ndinawerengera kuti 12 koloko ndikhala nditafika. Ndili mkati mowerengera, kunamveka phuu! ngati mfuti, minibasi inavina kumanzere, kumanja, a NyaJere anaitana Yesu m'zilankhulo zitatu, tinaima m'mbali mwa msewu. Tayala lakumbuyo linali litang'ambika ngati buledi.

Sipeya inalipo, koma inalibe mpweya. Jeke inalipo, koma inali kwa mlamu wake wa dalaivala. Amuna anayi ananyamula minibasi, Boyd anasanja miyala pansi, anachotsa tayala, anakwera nalo kabaza n'kuzimiririka. Minibasi inatsala itaima ndi miyendo itatu, ife titakhala pa udzu.

Anthu akasowa chochita amakumbukira za ku Japani. Amene anaonera kumbuyo kwa mitu ya anzawo pa depoti anati iwo sanaone bwino. Amene anakwera panjira anati akusalidwa. Ndinakana. A NyaJere anandipatsa nthochi ziwiri. Ndinavomera. Ndinaonetsa mpukutu kanayi, ndipo ulendo wachinayi ndinamva pakamwa panga pakunena kuti a Ndevu anawoloka nyanja posambira, kope ali nalo pamutu.

Aliyense analemba. Mnyamata wina analemba dzina la timu yake ya mpira. Bambo wa chimanga uja analemba kuti boma likonze msewu wa kwawo. Mtsikana wina analemba vesi, wina anabwera kudzakonza vesiyo. Agogo ena aamuna ovala chikhoti cha asilikali anati iwo sukulu sanapite, koma nawo sakufuna kusekedwa ku Japani. Anapaka chala chachikulu pa girisi wa pomwe panachoka tayala, n'kudinda. Pamene Boyd ankabwerera ndi tayala cha m'ma 1 koloko, pa Disembala panali patatsala kamalo kofanana ndi chikhatho changa, pakona yapansi. Ndinalumbira kuti amene angafune kulembapo ayambe wandipha.

Ananditsitsa pamphambano ya ku Luwawa 2 koloko itatsala pang'ono. A NyaJere anandigwira dzanja pawindo, "Yewo chomene, mwana wane, ukawapatse moni aphunzitsiwo." Boyd anati wina akafunsa za nambala yake ija ndimuuze kuti ali ndi njinga.

Pamphambanopo panalibe kabaza, panalibe munthu, panali ine ndi galu mmodzi yemwe ankaoneka kuti nayenso akudikira zotsatira za mayeso. Chifunga chinayamba kutsika m'mapiri, kamvula kowaza kali pambuyo. Inki ya mwaye ndi madzi ndi adani. Ndinalowetsa mpukutu m'kati mwa juzi, nsonga imodzi inatulukira pachibwano, ina m'maondo, n'kuyamba kuyenda ngati munthu womeza ndodo.

Nditayenda mtunda woti ndikanakhala mzungu akanandilembera buku, kumbuyo kunamveka lole ya matabwa yopanda katundu, ikupita kukanyamula. Ndinaimika ndi dzanja limodzi, linalo lili pamimba. Dalaivala anali bambo wachikulire, woonda, wa chipewa cha ubweya. Anati dzina lawo ndi a Nyirenda.

"Wadwala msana?"

"Ayi adada, ndi chithunzi."

Sanafunsenso. Lole imeneyo inkayenda ngati ikupepesa dzenje lililonse. Patsogolo pang'ono tinapeza thirakitala ikukoka chipika chomwe chinagwera mumsewu, tinaima. Nthawi inali 2:20. A Nyirenda anazimitsa injini n'kunena kuti, "Tione chithunzicho."

Ndinati ndiwaonetsa, koma za mwambo sinditchula. Ndinauika pa dashibodi. Sindinawaphunzitse kagwiridwe, anangoona manja anga kamodzi n'kutengera. Sanaseke pa minibasi, sanafunse za wapolisi. Anafika pa Seputembala ndi Okutobala, pomwe ndinajambula nsonga za mitengo ya paini pamwamba, kamsewu pansi, pakati ponse n'kusiya pepala loyera. Pamenepo anthu onse a m'minibasi ankati ndinatopa, ndipo bwana wapolisi anafunsa ngati mbali imeneyo ndinaibisa dala.

A Nyirenda anayang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza pepala loyeralo ndi chala, osalikhudza.

"Ichi ndi chifunga cha pa kona ya mlatho. M'menemu ndimayendamo m'mawa uliwonse, magetsi oyaka, osaona ngakhale boneti." Anapukusa mutu. "Wachijambula osachijambula."



Anafika pa Disembala, anaona chipwirikiti chija, anawerenga pang'ono, anamwetulira, n'kuyamba kukulunga. Sanapemphe kanthu. Ndipo ndi ineyo, ndi dzanja langa lomwe, amene ndinatenga cholembera cha a NyaJere chomwe chinatsalira m'thumba mwanga n'kuwapatsa. Bukulo limati amalemba ndi munthu wodziwa zinthu. Ndikanatani?

Anati kulemba amachedwa nako. Pa kamalo ka chikhatho kaja anajambulapo kalole kakang'ono, magetsi ake awiri akuwala. Disembala anadzaza.

Thirakitala itachoka m'pamene ndinazindikira chomwe ndachita. Ndinalira kuchokera pamenepo mpaka kusukulu, ndipo ndamva kuti damu la Luwawa linakwera madzi sabata imeneyo.

Tinafika 3 koloko itapitirira ndi mphindi khumi. Lole ya katundu inali italira kale, matilesi pamwamba, mbuzi pambali, amayi a kunyumba kwa a Makwinja atakhala kale kutsogolo. A Makwinja anali pakhonde atanyamula katoni yomaliza. Anandiona, anaona chomwe chinatulukira pachibwano changa, anatsitsa katoniyo pansi n'kuikhalira.

"Tiyamike. Wachedwa ndi zaka ziwiri ndi mphindi khumi."

Anapukuta manja pa thalauza, anauika mpukutu pamaondo. Dalaivala wa lole anaimba hutala. Iwo ali pa Januwale. Anaimbanso. Iwo ali pa Febuluwale, akuyang'anitsitsa ngati ataya singano. Amayi anatsitsa galasi: "Bambo, Dedza sabwera kuno!" Iwo anangokweza chala chimodzi. Pa chifunga paja anakhalapo nthawi yoti munthu akhoza kuphika tiyi. Ine ndinkangoyang'ana mtengo wa mopu ukuonda, Disembala akuyandikira.

Anafika. Anawerenga madalitso a a NyaJere, nambala ya Boyd, mchira wa bwana wapolisi, vesi ndi kukonza kwake, chala cha agogo, kalole. Anatembenuza kuti aone ngati kuseri kuli malo. Kuseri kunali Disembala weniweni, ndi Khirisimasi yake.

"Aphunzitsi, ndinakusungirani. Ndikulumbira. Koma anandizinga anthu mazana awiri, ena ndi zikwanje..."

"Tiyamike."

"Anthu khumi ndi atatu. Ndipo womalizayo ndinamupatsa ndekha."

Anayamba kuseka, mpaka anavula magalasi. "Buku lija unaliwerenga mpaka kumapeto?"

"Kasanu."

"Tiyamike."

"Ndinaona zithunzi."

"Ukanawerenga ukanadziwa kuti pepala likadzaza ankamatapo lina. Ilipo mipukutu yomwe mawu a anthu oona ndi aatali kuposa chithunzi chenichenicho. A Ndevu ankayamba kuwerenga kumeneko kuti adziwe manja omwe chithunzi chadutsamo. Wako wadutsa m'manja khumi ndi atatu tsiku limodzi, ndiye ukulira chiyani?"

Mapepala onse anali atapakiridwa pansi pa matilesi. Anapisa m'jekete, anatulutsa kalata yawo yopumira pantchito, anaiyang'ana kutsogolo, anati iyi aiwerenga kokwanira. Anamatula selotepi pa katoni yomwe anakhalira, amayi akukuwa kuti m'menemo muli mbale zawo za galasi, n'kulumikiza kalatayo kumapeto kwa Disembala, kuseri kwake koyera kuli pamwamba. Analemba pang'onopang'ono ndi cholembera chawo chofiira chochongera mayeso, hutala ikulira. Kenako anatulutsa chidindo cha patapata, anachipaka inki ya cholembera chomwecho, anachiuzira mpweya, anadinda. Anakulunga okha mpukutu wonse kubwerera ku Januwale, poti amati wobwera pambuyo asaupeze uli kumapeto.

"Uwerenge ndikapita," anatero, n'kukwera lole, katoni ya mbale ili pamwendo, yotsegula pakamwa.

Lole itazimiririka m'mitengo ndinakhala pakhonde lopanda kanthu lija n'kuyenda ulendo wonse kachiwiri mpaka pa kalata. Analemba kuti:

"Ndinaona mpukutu uwu pa Luwawa tsiku lomwe ndimachoka, nditakhala pa katoni ya mbale, mkazi wanga akundikalipira. Msewu uwu ndaudutsa zaka zambiri ndili m'tulo. Lero ndauona. Wojambulayu amanama pa chilichonse, kupatula akagwira burashi. Koma minibasi ya pa Febuluwale ili ndi matayala atatu."

Ndinakulunga mothamanga kubwerera ku Febuluwale. Limodzi, awiri, atatu, ndipo pomwe pamayenera kuonekera lachinayi panali mbee. Anthu khumi ndi atatu anaona, wapolisi anaona, Boyd wokhalira m'minibasi anaona, palibe anawerenga.

Sindinawonjezere lachinayilo. Limenelo ndi lija linaphulika pa M1, ndipo ine ndinalijambula kulibe kutatsala milungu itatu kuti liphulike. A Ndevu, ndi ndevu zawo zonse zija, sanalosereko ngakhale kamodzi.